Galasi la sanirufu linaphulika ndili pamsewu, nazi zomwe ndinalakwitsa polisintha

Linali tsiku wamba ndithu, ndikuchokera kuntchito, msewu wabwinobwino, kutsogolo kwanga kuli thiraki koma inali patali moti sindinkaiganizira nkomwe. Mwadzidzidzi ndinangomva phoo! pamwamba pa mutu, phokoso ngati mfuti, mpaka ndinawerama osadziwa kuti ndikuzinda chani. Ndinaima pambali mtima uli thithithi, kuzungulira galimoto yonse, matayala ali bwino, windisikirini ilibe ngakhale kamng'alu. Nde ndikukweza maso padenga, abale inu, galasi lakutsogolo la sanirufu langosanduka ngati matalala, pakati pali chibowo choti mutu utha kulowa, ndipo m'mbalimo likungolira tsetsetse, kusonyeza kuti likadaphwanyikabe pang'onopang'ono. Mwayi wanga unali umodzi basi, katani ya mkati ija yotchinga dzuwa inali yotseka, nde zonse zinagwera pamenepo osati kumaso kwanga.

Galimoto yanga ili ndi denga lija amati panoramiki, magalasi awiri akuluakulu, lakutsogolo limatseguka, lakumbuyo ndi lomata silisuntha. Nkhani yonseyi inanditengera masabata 7 kuti ithe, pomwe kuchotsa galasi lakale ndikuyika latsopano sikunakwane ngakhale ola limodzi. Masabata ena onsewo anapita chifukwa cha phuma langa.

Cholakwa choyamba ndinachichita pompo pamsewu paja. Ndinadina batani. Kaya ndinkaganiza chani, mwina ndimafuna ndione ngati mota ikugwirabe ntchito, koma nditangodina ndinamva kukukuta ngati munthu akupera mchenga, chimango cha galasicho chinasuntha pang'ono nkuima mopendekeka. Chomwe ndinachita pamenepo ndikukokera tizidutswa ta galasi mkati mwa tinjanji momwe sanirufu imayendamo, momwe muli girizi, nde mutha kuona kuti galasi lophwanyika likakumana ndi girizi zimakhala phala lokhakhala lomwe limadya timapulasitiki tonse toyendetsa galasilo. Zikakuchitikirani musakhudze batani lililonse, la galasi ngakhale la katani. Katani isiyeni yotseka chonchobe chifukwa ndiyo ikusunga zinyalala zonse, mukaitsegula imazipinda nkuzilowetsa kumbuyo mkati mwa siling'i komwe dzanja silifika. Ine nditafika kunyumba ndinachotsa fyuzi ya sanirufu kuti ana asadine mwangozi, izi zokha ndi zomwe ndinachita mwanzeru tsiku limenelo.

Jambulani zithunzi musanakhudze chilichonse, zapafupi ndi zapatali, pamwamba ndi mkati, a inshuwalansi adzazifuna. Kenako phimbani bowolo ndi pulasitiki yokhuthala. Apa napo pali kachinsinsi, tepi yamphamvu ija yotuwa ukaimata pa penti penipeni nkukhala padzuwa masiku angapo imasiya guluu wovuta kuchotsa, nde yambani mwamata tepi yapepala ija amagwiritsa ntchito openta, kenako yamphamvuyo imate pamwamba pake. Ndipo yendani pang'onopang'ono, mphepo ikamadutsa padenga imakokera zinthu m'mwamba, zidutswa zimauluka kupita kwa amene ali kumbuyo kwanu.

Usiku umenewo sindinagone bwino, ndinkangodzifunsa kuti galasi lingaphulike bwanji lokha. Mayi akunyumba ankati mwina wina anaponya mwala, ine ndinkati panalibe munthu. Nditafufuza ndinamvetsa kuti magalasi a pagalimoto sali amtundu umodzi. Windisikirini ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, pakati pali kapulasitiki kopyapyala kotchedwa PVB, amati laminated, nchifukwa chake mwala ukaigunda imangochita mng'alu koma osagwa. Masanirufu ambiri ndi a mtundu wina wotchedwa tempered. Popanga amaliwotcha kupitirira madigiri 600 kenako nkulizizilitsa msangamsanga ndi mphepo, kunja kumauma kaye mkati mukadali motentha, nde galasilo limakhala lokungika moyo wake wonse, kunja kopanikizika mkati mokokeka. Nchifukwa chake limalimba kuposa galasi wamba ka 4 kapena ka 5, koma kamng'alu kakangofika mkati mokokekamo mphamvu yonse ija imamasuka nthawi imodzi, galasi lonse phwaa kukhala timiyala. Anachita dala kuti lizisweka choncho, timiyalato sitimacheka munthu ngati zimphanthi zakuthwa za galasi la pawindo la nyumba.

Choyambitsa chitha kukhala kamwala kakang'ono koti sunakaone, kapena kalikonse komwe kanalikanda m'mphepete kalekale chifukwa m'mphepete ndi momwe galasi la tempered lili lofooka, kenako kutentha ndi kugwedezeka kwa galimoto kumangomalizitsa. Nthawi zina vuto limachokera kufakitale, mumatsalira kanthu kochepetsetsa kotchedwa nickel sulphide komwe kamafufuma pakapita nthawi nkuliswa kuchokera mkati. Si nkhani yachilendo ayi, mu 2012 Hyundai inaitanitsa galimoto zina za mtundu wa Veloster ku America kuti zikakonzedwe chifukwa cha magalasi a panoramiki omwe ankatha kusweka. Yanga si ya mtundu umenewo, koma ndikutchula kuti musanatulutse ndalama fufuzani kaye ndi nambala ya chasisi ngati galimoto yanu ili pa mndandanda wa zoitanitsidwa, kapena ngati ikadali pa waranti. Yanga inalibe zonse ziwiri.

Tanthauzo lake kwa ife eni galimoto ndi lakuti galasi la tempered silikonzedwa. Mankhwala aja amathira pa windisikirini ikagundidwa ndi mwala pano sagwira ntchito, komanso simungapite kwa odula magalasi kuti akudulireni lina lofanana, tempered sadula kapena kuboola ikapangidwa, ukayesa imaphulika. Wina anandiuza kuti ndingoikapo pulasitiki yolimba yoonekera ija nkumata ndi silikoni, ndinakana, ndipo inunso ndikukupemphani musayese, chinthu chimenecho chikadzamatuka pa liwiro chidzapweteka munthu wosalakwa.

Za inshuwalansi ndingonena mwachidule. Ngati muli ndi ya third party yokha iwalani. Ngati ndi ya comprehensive werengani bwino pepala lanu, chifukwa mawu oti magalasi kwa ena amatanthauza windisikirini ndi mawindo a m'mbali basi, denga amaliwerengera kwina komwe muyenera kulipirako gawo lanu kaye. Kwa ine zinapezeka choncho, nditawerengetsa ndinaona kuti bola ndingodzipangira ndekha.

Nde tifike pa cholakwa chachiwiri chomwe chimandipwetekabe mpaka lero. Ndinaitanitsa galasi pongotchula dzina la galimoto ndi chaka. Wogulitsa uja anati lilipo bwana, lomwelo ndendende, ine osafunsa zambiri ndinalipira. Ndinadikira masabata awiri ndi theka, galimoto ikuyenda ndi pulasitiki pamutu ikungolira phephephe msewu wonse, anthu kumangondiyang'ana. Litafika, tikulitulutsa mukatoni, kukula kwake ngati kofanana, mtundu wake wofanana, koma titaliika pamwamba mabowo a mabawuti sakukumana, akusiyana mwina ndi chala chimodzi. Kunapezeka kuti galimoto yomweyo, chaka chomwecho, anaisintha denga pakati pa chaka. Safunsa anadya phula, ndinali ine ameneyo. Kubweza kunanditengera nthawi ina komanso ndalama yotumizira sinabwerere.

Choyenera kuchita ndi ichi. Perekani nambala ya chasisi yonse, VIN ija ya zilembo ndi manambala 17, imakhala pansi pa windisikirini pakona kapena pa chimango cha chitseko, ndipo muwauze akupatseni pati nambala (part number), nambala yozindikirira galasilo, asanakutumizireni. Pati nambalayo muiyerekeze ndi yomwe ili pa kasitika ka pa chimango cha galasi lakale ngati kakuonekabe. Pemphaninso chithunzi cha kunsi kwa galasi, osati pamwamba, chifukwa pamwamba onse amaoneka ofanana, kusiyana kuli pa zitsulo zomwe anamatira kunsi. Galasi losunthali silibwera lokhalokha, limabwera ndi chimango chake chomata kale komanso labala wozungulira, ndipo muonetsetse kuti labalayo alipo chifukwa ena amagulitsa padera.

Pakona pa galasi lililonse la galimoto pamakhala kachidindo, kawerengeni. Pamalembedwa dzina la opanga, nthawi zambiri si kampani ya galimotoyo ayi koma opanga magalasi ngati Saint-Gobain Sekurit, AGC, Pilkington kapena Fuyao, ndipo makina onse a dengalo amakonda kuchokera kwa ena ngati Webasto kapena Inalfa. Pamakhalanso chilembo E mkati mwa kabwalo ndi 43R pafupi pake, kusonyeza kuti linayesedwa motsatira malamulo a magalasi a galimoto, ena amalemba DOT ndi AS3 pa magalasi akuda a padenga. Pena amalemba poyera kuti tempered kapena laminated. Popeza langa linali litasweka ndinawerenga chidindo cha galasi lakumbuyo lija. Galasi lopanda chidindo chilichonse musagule ngakhale litchipe bwanji.

Ulendo wachiwiri ndinapeza logwiritsidwapo kale ntchito, lochokera pa galimoto yomwe inagundidwa kutsogolo denga lili bwino. Ine sindiona vuto ndi galasi lotere, bola uliyendere m'mphepete monse ndi chala komanso tochi, ukapeza pobenthuka ngakhale pang'ono lisiye, chifukwa pamenepo ndi pomwe lidzayambire.

Tsiku loyika ndinaitana alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, iwowa ndi munthu wodekha, amakonza zinthu zamagetsi. Musayese nokha, si kuti galasilo ndi lolemera kwambiri koma ndi lalikulu, munthu mmodzi sungalitsitse mowongoka popanda kugunditsa kona pa chitsulo, ndipo mwamva kale zomwe kona imachita. Tinayala mabulangete akale pamipando ndi padashibodi, tinatseka timabowo ta mphepo ya eyakoni ndi tepi, padenga mozungulira bowo tinamata tepi yapepala kuteteza penti. Magolovesi okhuthala ndi magalasi oteteza maso, izi musanyozere, timiyalato sitidula kwambiri koma pamakhala tina tosongoka ngati singano tolowa pansi pa chikhadabo.

Tinayamba ndi kukoka zonse zomwe zinali pa katani ndi vakyumu kuchokera pamwamba, kudzera pabowo lija, mpaka katani itapepuka ndi pomwe tinabwezera fyuzi nkuitsegula pang'onopang'ono. Mukayang'ana kuchokera mkati, m'mbali mwa galasi kumanja ndi kumanzere mumakhala timapulasitiki kapena labala wopindikapindika wobisa mabawuti, amangokoka mosamala. Kuseri kwake pa yanga kunali timabawuti 3 mbali iliyonse, ta mutu wa nyenyezi tija amati Torx, saizi T25. Gulani sikuludiraiva yake yeniyeni, mukakakamiza ndi ina mutu umatha ndipo mulira. Alamu anandiuza kuti, alamu musanamasule jambulani kaye ndi maka pomwe bawuti iliyonse yakhala, chifukwa mabowo ake ndi otalika dala kuti galasi lizitha kukwezedwa kapena kutsitsidwa. Nzeru imeneyi inatipulumutsa nthawi yambiri. Muikenso kansalu pansi pomasula, bawuti ikagwera mkati mwa denga simuiwonanso koma muzidzaimva pa bampu iliyonse.

Chimango chakale chitachoka tinaona ntchito yeniyeni. Tinjanji tonse tiwiri mbuu timagalasi tosakanikirana ndi girizi. Tinakoka ndi vakyumu, kupukuta ndi nsalu, kukolopa ndi mswachi wakale, alamu akuunika ndi tochi ine ndikutokosa. Kapulasitiki kamodzi koyendera mu njanji kanali katang'aluka chifukwa cha kudina kwanga kuja, mwayi galasi lomwe ndinagula linabwera ndi take tomwe tinasinthira. Tinapaka girizi watsopano pang'ono chabe, wa silikoni yemwe sawononga labala ndi pulasitiki. Girizi wakuda wa ma bering'i musaike, ndipo mankhwala opopera omasulira mabawuti adzimbiri aja si girizi, amangosungunula yemwe analipo nkuuma. Tisanaike galasi tinayendetsa makinawo opanda kanthu kuti tione ngati mbali zonse ziwiri zikuyenda limodzi, chifukwa mota imodzi imakankha mawaya awiri, mbali ina ikatsogola ngakhale pang'ono galasi limalowa mopotoka ndipo limakhala lopanikizika nthawi zonse.

Apa nkuti dzuwa litapendeka, tonse tatopa. Alamu anafunsa kuti, nanga timapayipi totulutsa madzi a m'ngalande ya sanirufu tija tatiyesa? Ine ndinati aaa alamu taona kale m'ngalandemo mwayera, tiyeni tiike galasi kusanade. Anangoti chabwino, galimoto ndi yanu. Mawu amenewo ndimawakumbukira.

Kuyika galasi kunali kophweka moseketsa. Wina mbali iyi wina mbali iyo, kulitsitsa mowongoka, kulowetsa mabawuti onse 6 koma osamanga kwambiri, kenako kuyamba kulinganiza. Apa ndi pofunika kudekha. Buku la galimoto yanga limati kutsogolo kwa galasi kukhale kofanana ndi denga kapena kutsikirapo pang'ono osapitirira milimita imodzi, kumbuyo kofanana kapena kukwererapo pang'ono chimodzimodzi. Chifukwa chake ndi mphepo, kutsogolo kukatumphuka mphepo imagunda pamenepo nkumaimba mluzu, komanso imafuna kulinyamula galasilo. Tinagwiritsa ntchito rula yachitsulo kuigoneka kuchokera padenga kufika pagalasi, ndi kakhadi kakale ka pulasitiki ngati choyezera mpata. Kona iliyonse payokha, ukakonza iyi ina yasuntha, tinazungulira mwina ka 4. Pomanga mangani mosinthanasinthana uku ndi uku ndipo musachite ngati mukumanga tayala, timabawuti timeneti ndi tating'ono, pongofika pogwira basi.

Titamaliza ndinadina batani, galasi linayenda pang'ono nkubwerera lokha. Kudinanso, chimodzimodzi. Mtima unangoti myuu, ndinaganiza kuti mota yapsa. Koma ayi, sanirufu ili ndi kakompyuta komwe kamakumbukira pomwe galasi limayambira ndi pomwe limathera, komanso mphamvu yomwe imafunika polikankha, kuti ikamva kulimba kwachilendo iziganiza kuti yapana dzanja la munthu nkubwerera. Ukasintha galasi kapena kuchotsa batire kamasokonezeka, nde umayenera kukaphunzitsanso. Pa yanga unali kungoyatsa igineshoni, kugwira batani lotsekera osalisiya kwa masekondi angapo mpaka galasi litagwedezeka, kenako kugwiranso mpaka litatseguka lonse ndi kutsekeka lokha, ukasiya pakati uyambirenso. Galimoto iliyonse ili ndi kachitidwe kake, onani m'buku lanu. Mukatha yesani chitetezo chija, ikani mpukutu wa nsalu kapena botolo la pulasitiki lopanda kanthu panjira ya galasi muone ngati libwerera, osati dzanja lanu chonde. Ndinaphunziranso kuti pa galimoto zambiri mota ili ndi kabowo ka Allen key kuseri kwa magetsi a pa siling'i, moti itakana kutseka mvula ikubwera mutha kupukusa pamanja.

Tinathira madzi pang'ono ndi botolo pamwamba, mkati simunadonthe, tinagwirana chanza, nkhani yatha. Ndinayenda masabata awiri ndikunyada.

Kenako kunagwa chimvula usiku wonse galimoto ili panja. M'mawa ndikutsegula chitseko, fungo lachinyontho, mawindo onse nthunzi mkati, ndikuponda kapeti ya kutsogolo mbali ya pasenja madzi kuchita kutumphuka. Siling'i pakona pafupi ndi windisikirini yanyowa yachita chibanga. Mayi akunyumba anangondiyang'ana nkunena kuti, bambo, si munati mwakonza? Ine kakasi. Maganizo anga onse anali pa labala, ndinkati galasi logwiritsidwapo kale ntchito lija labwera ndi labala wotha, ndinatsala pang'ono kugula silikoni kuti ndimate kuzungulira konse, bola ndinayamba ndapita kwa makaniko wina wachikulire yemwe amadziwa za mabodi a galimoto.

Madalawo sanayang'ane nkomwe labala. Anatsegula sanirufu, kutenga kabotolo ka madzi nkuthira pang'ono pakona yakutsogolo m'ngalande ija, nkundiuza kuti, bwana tasuzumirani pansi kuseri kwa tayala muone ngati akutuluka. Mbali ya dalaivala madzi anatuluka waa. Mbali inayo zii, madzi angoima m'ngalande ngati chithaphwi. Anaseka nkuti, mwana wanga sanirufu siimatseka madzi, imangowalondolera. Ndi pomwe ndinamvetsa kuti labala uja ntchito yake ndi kuchepetsa madzi, fumbi ndi phokoso, koma ena amadutsabe ndithu ngakhale pa galimoto yatsopano, amagwera m'ngalande yozungulira pansi pa galasi, ndipo pamakona pamakhala timapayipi, kawirikawiri 4, tiwiri timatsika m'mizati ya m'mbali mwa windisikirini, tiwiri m'mizati yakumbuyo, kukatayira pansi pa galimoto. Timagalasi tanga tija tinali titalowa mu kapayipi kamodzi nkukatsekera pomwe kamapinda, fumbi nkumatirira pamwamba pake. Madzi a botolo omwe tinathira tsiku lija anali ochepa, ngalande inangowasunga, koma mvula ya usiku wonse inasefukira.

Ndinafunsa kuti bwanji tingopopera mphepo ya kompuresa, anakana. Anati mphepo yamphamvu imavula kapayipi pomwe kanalumikizidwa mkati mwa denga, ndipo kakavuka madzi onse azithira mu siling'i mwachindunji, kukabwezeretsa mpaka kutsitsa siling'i. Waya wachitsulo nawonso ayi, umaboola. Iwo anagwiritsa ntchito chingwe cha nayiloni chija cha makina odulira kapinga, kuchilowetsa mofatsa akuchipotoza, koma poti zotsekazo zinali magalasi osati matope, sanafune kuzikankhira pansi kwambiri. Anapeza kumapeto kwa kapayipiko kumunsi, komwe kumakhala kalabala kothina ngati kamlomo, anakafinya, nde kunatuluka timagalasi todzaza chikhatho pamodzi ndi madzi akuda bii. Anatsuka ndi madzi ofunda mpaka oyera atayamba kutuluka, nkuchita chimodzimodzi makona onse. Kakumbuyo kamodzi nakonso kanali katatsala pang'ono kutsekeka. Akumbuyowa ndi ovuta kuwaona chifukwa ali pansi pa galasi lomata, poyesa anaimika galimoto pokwera kuti madzi athamangire kumbuyo.

Ntchito ya mphindi 40 yomwe ndinaikana tsiku lija. Koma kuumitsa galimoto kunatenga masiku 5, chifukwa pansi pa kapeti pali chisiponji chokhuthala chomwe chimamwa madzi ngati thonje, pamwamba pamaoneka pouma pansi pali dziwe. Tinachotsa mpando, kutukula kapeti, kuika fani. Ndipo pansi pamenepo pamadutsa mawaya ndi majoini amagetsi, pa galimoto zina pamakhala timakompyuta, madzi akakhalitsa zimachita dzimbiri nkuyamba kuyatsa magetsi achilendo padashibodi miyezi ingapo kutsogolo. Joini imodzi tinaipeza itayamba kale kubiriwira, alamu anaitsuka ndi mankhwala ake. Sanandinene chilichonse, anangoti alamu mwaiona? Ndinati ndaiona.

Zonse ndafotokozazi ndi za galasi losuntha lomangidwa ndi mabawuti. Ngati lomwe lasweka ndi lakumbuyo lomata, kapena galimoto yanu ili ndi galasi limodzi lalikulu losatseguka, imeneyo ndi nkhani ina ndipo ine sindingakulimbikitseni kuchita nokha. Limenelo amamata ndi guluu wa urethane ngati windisikirini, pochotsa amadula guluuyo ndi waya wapadera, pomwe penti yakandika amapaka primer apo ayi dzimbiri limayamba pansi pa guluu, ndipo pa galimoto zambiri siling'i imayenera kutsika kaye. M'mbali mwa siling'imo mumakhala ma eyabagi aja otsika ngati katani pa ngozi, nde batire iyenera kuchotsedwa ndi kudikira kaye musanagwire chilichonse pafupi. Guluuyo alinso ndi nthawi yake youma galimoto isanayende, afunseni okumatiraniwo akuuzeni maola ake, tsiku loyamba musaitsukitse ndi madzi a pulesha, ndipo siyani windo limodzi lotsegula pang'ono chifukwa kumenyetsa chitseko mawindo onse ali otseka kumakankha galasi kuchokera mkati guluu asanagwire. Silikoni ya kubafa si yomatira galasi la galimoto, wina akakuuzani kuti amata ndi imeneyo tengani galimoto yanu muzipita.

Ndipo ngakhale mupereke ntchito yonse kugalaja, funsani mwachindunji ngati atsuke tinjanji ndi timapayipi, ndipo pokatenga galimoto muwauze athire madzi kona iliyonse inu mukuona pansi. Ambiri amawerengera galasi lokha, amaliika bwinobwino nkukupatsani makiyi, zinazo sanalonjeze.

Ena amandifunsa za filimu ija yomata pagalasi, ngati imathandiza. Siiletsa galasi kusweka, chomwe imachita ndi kugwira timiyalato pamodzi kuti tisakugwereni. Ine ndinamatitsa yoonekera mkati mwa galasi latsopanoli chifukwa ana amakhala kumbuyo ndipo amakonda katani ili yotsegula kuti aziona kumwamba. Pamsewu wa liwiro kapena ndikakhala kumbuyo kwa thiraki katani ndimatsekabe, amadandaula koma amazolowera.

Pano patha miyezi 8, sikudonthanso, mluzu kulibe. Mvula isanayambe ndimatenga kabotolo kanga nkuthira makona onse, mayi akunyumba amaima pambali kundiuza ngati madzi atuluka pansi. Chomwe sichikutha ndi timagalasi, sabata yatha ndikusuntha mpando kuti ndifune ndalama yachitsulo yomwe inagwa, ndinatolanso tiwiri mu njanji ya mpando, ndipo ndikakhota mwamphamvu kumanzere pali kena kamodzi mkati mwa siling'i kamene kamagubuduzika kuchoka uku kupita uko. Alamu akuti titsitse siling'i tikachotse, ine ndawauza kuti kakhale momwemo kaye.